Kandege Kokana Kutchaja

Nkhani iyi sindiikamba pa bawo kapena pa mowa. Amene akufuna kuseka adikire tsiku lina. Enanu sendezani mipando pafupi mumve.

Pa esiteti ina ya tiyi, kutsinde kwa phiri la Mulanje, panali kabwalo ka ndege ka udzu. Ine Matiki ntchito yanga inali kutchetcha udzuwo, kugubuduza migolo ya mafuta, ndi kuthamangitsa mbuzi ndege ikamatera. Ndege yake inali imodzi yokha, kakang'ono ka mipando inayi, koyera ndi mzere wobiriwira m'mbali. Kankanyamula mabwana, ndipo wina akadwala mwakayakaya kankathamanga naye ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Woyendetsa anali a Kaputeni Sambani, munthu wamtali wosakonda zolankhula. Koma amene ankakadziwa mpaka m'matumbo anali makaniko athu, a Mulipa.

A Mulipa anali ndi mkazi dzina lake Felesiya. Masana ankabwera ku shedi yosungiramo kandegeko ndi chinangwa chophika m'kambale, n'kukhala pa mgolo akusenda manachesi, poti ankawakonda ngati mwana. Akafika ankayamba wapereka moni kwa kandegeko.

"Mkazi mnzanga wadzuka bwanji lero? Amupukuta kale? Ine chipukutireni ndi tsiku la ukwati."

A Mulipa ankayankha mutu uli mu injini. "Ndikubwera, mayi. Dikira pang'ono."

Nyengo yozizira Felesiya anadwala chibayo. Mankhwala a pa kiliniki atakanika, bwana wamkulu analola kuti kandege kamutengere ku Blantyre. Ndinathandiza nawo kumukweza pa mpando wa kumbuyo, atamufunditsa bulangete, namwino ali pambali pake. A Mulipa anakhala kutsogolo ndi a Kaputeni. Dzulo lake anali atangomangirira alitaneta yatsopano, kaja kamene kamadzaza batire injini ikamazungulira, monga m'galimoto. Kandege kananyamuka m'mawa. Kanabwerako madzulo ndi maliro.

Titaika maliro kumudzi kwawo kwa Felesiya, mayi ake anawaitanira a Mulipa kuseri kwa nyumba. Ine ndinali pafupi, ndikuthyola masamba a mpiru omwe sanali anga.

"Apongozi, mwana wanga anatsirizikira pati? Tikufuna tikamutenge."

Kwa amene simukudziwa, kumudzi kumeneko munthu akafera kutali, kubwera ndi thupi lokha sikukwanira. Mumapita ndi nthambi ya msolo pamalo pamene anasiyira kupuma, n'kumuitana dzina, kenako mumabwera naye mukumuuza njira: apa tikuwoloka mtsinje, apa tikukhota. Wonyamula nthambiyo saisiya pansi, ndipo salankhula ndi wamoyo aliyense mpaka atafika pakhomo.

"Amayi, ine ndine wa mpingo," anatero a Mulipa. "Felesiya ali m'manja mwa Mulungu."

"Sindinafunse za manja a Mulungu. Ndafunsa kuti pati."

A Mulipa anayang'ana pansi. "M'mwamba, amayi. Tinazindikira titatera kale."

Mayiwo anangoti, "Oho," n'kubwerera kwa azimayi anzawo.

Patapita masabata angapo, m'mawa wina a Kaputeni anapotoza kiyi, kandege kanangoti kete, basi. Batire linali litatheratu. A Mulipa atasuzumira mkati anapeza kanyale ka pamwamba pa mpando wa kumbuyo kakuyaka mofiira ngati khala lotsala pang'ono kuzima. Anatembenukira kwa ine.

"A Matiki, za achule m'bokosi la masipanala zija ndinapirira. Za njoka yakufa m'gambuti ndinapirira. Koma ndege si gambuti."

"Makiyi a shedi ndilibe ine, achimwene. Kapena ndi achule omwe aja aphunzira kutsegula loko."

Sanaseke. Anatchaja batire, n'kuchotsa babu la kanyaleko kuliika m'thumba. M'mawa mwake batire linali litathanso. Ndipo lamba wa mpando wa kumbuyo, amene iwo ankamusiya atamupinda bwinobwino, anali womanga, atakokedwa pa msinkhu wa chiuno cha munthu wochepa thupi. A Mulipa anamasula lambayo. Sanandinamizirenso.

Kenako vuto linasamukira m'mwamba. Pakati pa mamita a kutsogolo pali ina ya kamuvi kamene kamasonyeza ngati batire likudzaza kapena likutha. A Kaputeni anayamba kubwerako nkhope ili gwa.

"Kamuvi kagwanso, a Mulipa. Ndikunyamuka kali bwino. Pakati pa ulendo kakungopendekera kumanzere ngati wina akukakoka."

Ndiye muone munthu kugwira ntchito. A Mulipa anakunga lamba wa alitaneta. Anamusintha. Anapala waya wopita ku chitsulo cha ndege mpaka kuwala ngati supuni ya alendo. Anayang'ana mafiyuzi onse, anatsata waya aliyense ndi chala kuyambira ku injini mpaka ku mchira. Alitaneta anaitumiza ku tauni kuti akaiyeze, inabwerako akuti ilibe vuto. Anabwezeramo yakale, zomwezo. Anagula batire latsopano, zomwezo. Pomaliza anamangirira regyuleta yachiwiri pansi pa mamita, kabokosi koyeza mlingo wa moto wopita ku batire, ndi waya wake wongoyesera ndi kaswichi kobisika. Akaliza injini pansi, ine nditagwira chipewa kuti chisauluke, kamuvi kankaima bwinobwino ngati mwana wa sukulu pa mzere. Kandege kakangokwera kumwamba, kamuvi kankagwa.

Zina ndinkaziona ndekha. Agalu a mlonda, amene ankagona pansi pa phiko masana onse, anasiya kuyandikira shedi. Sipanala yaing'ono ya a Mulipa inasowa, tinasaka mpaka m'udzu, ndipo inakapezeka pa mpando wa kumbuyo itaikidwa pa kansanza kopinda bwino, momwe munthu amaikira supuni pa mbale ya mwamuna wake. Tsiku lina dzuwa likulowa, ndikukoka chitseko cha shedi, ndinamva kugogoda pa galasi la kandege. Sikunali kugogoda kwa nkhonya. Kunali kwa chikhadabo, pang'onopang'ono, ngati munthu wosafuna kuvutitsa. Ndinaima. Kunasiya. Ndinakokanso chitseko. Kunayambanso. Ndipo shedi yonse, imene masiku onse inkanunkha girizi, inali kununkhira makoko a nachesi, pamene manachesi anali atatha kalekale pa msika.

Sindinathamange. Miyendo ndiyo inaganiza yokha.

Chimene chinandizizira kwambiri chinachitika masana, dzuwa likuswa mtengo. Mayi wina wothyola tiyi, wachilendo pa esiteti, dengu lili kumsana, anandiimitsa pa njira ya kumapeto kwa bwalo.

"Achimwene, inu ndinu a ku ndege eti? Mayi amene mumawanyamula masiku onse aja ndi akuti?"

"Mayi ati?"

"A bulangete aja, amakhala pa windo la kumbuyo. Popita ali momwemo, pobwera ali momwemo. Kodi samatsika?"

Ndinamuuza kuti ndi mkazi wa bwana, amakonda mphepo. Pakamwa panga panangonama pokha. Koma mayiwo atapita ndinakhala pansi m'ngalande, chikwakwa chili pa miyendo, mpaka thukuta litauma.

Bwana wamkulu anatopa nazo. Anati ndege yosatchaja ndi bokosi la maliro la mapiko, ndipo anapeza anthu a dziko lina lakutali oti akagule momwemo, akakakonzere kwawo. Anati akubwera sabata yotsatira kudzamasula mapiko n'kukakweza pa lole.

Madzulo a tsiku limene tinamva zimenezi tinakhala atatu panja pa shedi. Palibe amene ankafuna kukhala mkati. Ndinawauza za mayi wa dengu uja. A Kaputeni anatsokomola n'kuyang'ana kumbali. A Mulipa anafunsa ndi mawu otsika.

"Kaputeni, kamuvi kamagwera pati? Malo ake enieni."

"Pamodzimodzi nthawi zonse. Pamene mtsinje wa Thuchila wapinda ngati chigongono, pali mauvuni a njerwa. Ndikangodutsa pamenepo."

A Mulipa anapukuta manja pa kansanza, ngakhale anali oyera kale.

"Pamenepo ndi pamene anandiitana. Namwino anali akusanza m'kathumba. Ine maso anali pa mita, ndikugogoda galasi lake ndi chala, ndikusangalala kuti alitaneta yanga yatsopano ikugwira. Ndinamva m'makutu akuti, abambo. Sindinacheuke. Ndinati dikira pang'ono."

Kuchokera mu shedi chitsulo china chinalira, monga chimachitira chikamazizira. Tonse tinamva, tonse tinanamizira kusamva.

"Akadikirabe," anatero a Mulipa. "Ndipo sabata ya mawa amukweza pa lole, apite naye kwa anthu osadziwa n'dzina lake lomwe."

M'mawa mwake tinapita kwa apongozi awo. Mayiwo sananene kuti ndinakuuzani. Anangotenga chikwanje, n'kupita okha kuthengo, kubwerako ndi nthambi ya msolo ya masamba ake. Kenako anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka ku zala.

"Inu ndinu a Matiki, aja munagulitsa mbuzi imodzi kwa anthu awiri?"

"Inali ndi bere, amayi."

"Pakamwa panupo mawa pagwire ntchito yabwino. Awa akangomuitana, sayankha munthu. Aliyense wowalankhula, muziyankha ndinu. Ngakhale akhale bwana, ngakhale akhale m'busa." Anatembenukira kwa a Mulipa. "Manja onse awiri pa nthambi, apongozi. Mawu anu onse akhale ake. Kwa ulendo umodzi wokha."

A Kaputeni anauza bwana kuti akufuna kukayesa ndege komaliza ogula asanabwere. Tinanyamuka m'mawa kuli ngwee, kupatula kamtambo kochepa kum'mwera. Ine ndinakhala kutsogolo, malo a a Mulipa, ndipo kanali koyamba kusiyana ndi dothi. Ndinalapa machimo ena omwe ndinali ndisanawachite n'komwe. A Mulipa anakhala kumbuyo, nthambi ili pa miyendo. Lamba wa mpando wa pambali pawo tinamupeza womanga kale, ndipo anamusiya choncho. Tonse tinavala zomvera za m'makutu, chifukwa m'kandege mopanda zimenezo simungamvane, injini imameza mawu onse.

Tinaona Thuchila kutsogolo, chigongono chake, utsi wa mauvuni. A Kaputeni anandigwira bondo n'kuloza mita. Kamuvi kanali kuyenda, pang'onopang'ono, kupita kumanzere. M'ndege munazizira. Khosi langa kumbuyo linamva ngati wina watsegula chitseko cha nyumba yonyowa.

"Felesiya," anatero a Mulipa. "Felesiya, ndine. Ndacheuka. Tiye kunyumba, mayi."

Masamba a nthambi ndinawamva akuchita phokoso m'zomvera, pamene mawindo onse anali otseka. Sindinayang'ane kumbuyo. A Kaputeni anatembenuza ndege mofatsa ngati anyamula mazira.

"Apa tikukhota, Felesiya. Usaope. Apa tikuwoloka Thuchila."

Titaloza kwathu tinaona kuti kamtambo kaja kakula. Chinali chiperoni, chifunga chija chimabwera mwadzidzidzi n'kumeza phiri lonse ndi minda ya tiyi. Tisanapite patali tinalowamo. Pansi panasowa, kumwamba kunasowa, mapiko omwe anangotsala theka. Ndipo penapake kutsogolo, mkati mwa zoyerazo, munali phiri la miyala.

Kamuvi kanali katagona kumapeto. Wailesi inakhosomola n'kufa. Kachipangizo kosonyeza njira kanayamba kuphethira.

"Injini siizima, ili ndi moto wakewake," anatero a Kaputeni, kaya kundilimbikitsa ine kaya kudzilimbikitsa okha. "Koma kakazima aka, sindidziwa kumene phiri lili. A Mulipa, kaswichi kanu koyesera kali pati?"

"Akuti alipo, kaya inu," ndinayankha ine, poti ndiyo inali ntchito yanga.

"Matiki, ino si nthawi yake!"

Pamenepo mutu wanga wa utambwali unagwira ntchito. Ndinalankhula ngati ndikulankhula ndi galasi la kutsogolo. "Palibe amene analetsa munthu kuuza mkazi wake nkhani za ku ntchito. Ife tikangomvera, si mlandu."

Kenako kumbuyo ndinamva a Mulipa akuti, "Felesiya, paja umati sindikuuza zimene ndimachita tsiku lonse. Pansi pa mamita, kumanja, pafupi ndi bondo la a Matiki, ndinaikapo kaswichi. Koma munthu asanakakhudze, ayambe wa..."

Zomvera zinati thii. Moto unali utatha mpaka mmenemo. Kunangotsala kubangula kwa injini. Ndipo mkati mwa zomvera zakufazo, zimene zinalibe moto ngakhale wa chiphaniphani, ndinamva kupuma. Kupuma kwa munthu wa chifuwa chodzaza madzi, pafupi, ngati watsamira pa phewa langa.

Kachipangizo ka njira kanazima. A Kaputeni anawerama, dzanja limodzi pa chiwongolero, lina likufufuza pansi pa mamita. Anakapeza kaswichiko. Ndinacheuka tsopano. Ndinaona a Mulipa, manja onse awiri pa nthambi, maso ali pa dzanja la a Kaputeni, akupukusa mutu mwamphamvu. Pa mpando winawo sindinayang'anepo, ndipo musandifunse. Ndinakuwa kuti akukana, akukana, koma a Kaputeni sanandimve. A Mulipa anayang'ana nthambi, anayang'ana ine, anayang'ana a Kaputeni amene anali ndi ana aang'ono kunyumba.

Anaisiya nthambi. Anawagwira a Kaputeni pa phewa ndi manja onse awiri, n'kuwakuwira m'khutu.

"Kaputeni, ayi! Muyatsa moto m'ndege! Zimitsani zonse kaye, muzule fiyuzi yachitatu, kenako kaswichiko!"

A Kaputeni anachita momwemo, chimodzichimodzi. Kamuvi kanadzuka. Kanangodzuka kamodzi n'kuima pamalo pake, nji. Kachipangizo ka njira kanayaka, wailesi inalira, zomvera zinabwerera. A Kaputeni anangoyang'ana kamodzi n'kupendeketsa ndege mwamphamvu kumanja, ndipo pa windo langa ndinaona mwala wakuda ukudutsa m'chifunga, pafupi moti ndinaona udzu womera m'ming'alu yake.

M'ndege munafunda. Fungo la nachesi, limene ndinali nditazolowera mpaka kusalimvanso, ndinazindikira kuti lachoka. Munkangonunkha mafuta ndi thukuta la amuna atatu.

A Mulipa anatola nthambi pansi. "Felesiya," anatero. "Felesiya, ndinangoti... Felesiya?"

Anaitana mpaka tinatera. Anamuuza za mtsinje wa Likhubula ngakhale sitinauone. Anamuuza kuti apa tikutsika, apa matayala akhudza udzu, apa tafika. Kamuvi sikanagwedezeke ngakhale pang'ono.

Kumudzi tinapitabe, wapansi, m'kamvula ka chiperoni. A Mulipa patsogolo, nthambi m'manja onse awiri, ine pambuyo ndikuyankha moni wa anthu. Pa kamtsinje kalikonse ankaima n'kunena kuti tikuwoloka. Ndinkaona mapewa awo akudikira kuti mwina nthambi ilemera.

Pakhomo anali atasesa. Azimayi anali atakhala pakhonde, mphasa yatsopano itayalidwa pafupi ndi chitseko. Mayi ake a Felesiya anaimirira, anatambasula manja, a Mulipa anagwada n'kuwapatsa nthambi. Mayiwo anaigwira, anaiyesa m'manja monga munthu amayesera mtolo wa nkhuni, anaiyandikiza kumaso. Azimayi amene anali atayamba nyimbo anasiya mmodzimmodzi.

"Apongozi, mwabwera naye?"

A Mulipa anandiyang'ana ine, poti ndinali pakamwa pawo. Ine amene ndinanamizapo apolisi, abusa ndi azilamu anga onse, ndinafunafuna bodza loti ndiwapatse mayi amenewa, ndipo silinapezeke.

"Ndinalankhula, amayi," anatero a Mulipa. "Tikanafa tonse."

"Sindikukuimbani mlandu. Moyo ndi moyo." Mayiwo anakhala pansi pa mphasa ija, nthambi ili pa miyendo. "Tidzadula ina, tidzapitanso. Ingondiuzani, mwamusiya pati?"

A Mulipa anatembenuka kuyang'ana kumene tinachokera. Phiri silinkaoneka, minda ya tiyi sinkaoneka. Kunali zoyera zokhazokha, zikuyenda ndi mphepo.

"Poyamba paja panali pa Thuchila, amayi," anatero. "Pano sindikudziwa."

Ogula atabwera anakayesa kandege kumwamba ndi pansi, ndipo anadabwa kuti tinkadandaula chiyani. Sanamasulenso mapiko. Anangouluka nako kupita kwawo, kakutchaja bwinobwino njira yonse.

Yanga yathera pamenepa. Amene ali pafupi ndi chitseko akankhe, kwayamba kuzizira.